Maola Atatu a Malaiti

M'chaka cha 2024 anthu a ku Chilenje mu Lusaka anazolowera kugona babu la kuchipinda lili chiyatsire. Sikunali kuiwala ayi. Ankalisiya dala kuti magetsi akabwera liwadzutse. Likangoti ngwee, kaya ndi 23 koloko kaya 01, nyumba yonse inkadzambatuka: uyu akuthamangira ku soketi ndi mafoni, uyu akutereka ketulo, winayo ali kale panja kukatsegula mpopi kuti aone ngati madzi abwerera limodzi ndi malaiti. Kuseri kwa mipanda kunkamveka makina ometera, wowotcherera mageti naye akuthwanimitsa moto wake pakati pa usiku. Pakapita maola atatu, mwina anayi, zonse zii.

Chiyambi chake chinali mvula. Dzinja la 2023 kulowa 2024 inadula chimanga chisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Pa nthawiyo magetsi a Zambia, oposa magawo 80 pa 100 alionse, ankapangidwa ndi madzi, ku Kariba, ku Kafue Gorge ndi ku Itezhi-Tezhi. Madzi atachepa, kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa mosinthanasinthana: maola 8 pa tsiku mu Malichi, 12 mu Meyi, ndipo pofika Sepitembala nyumba zambiri za mu Lusaka zinkaona magetsi maola atatu okha pa tsiku, zina n'kutha masiku osawaona n'komwe. Ku Kariba North Bank, kumene kuli makina asanu ndi amodzi otha kutulutsa mamegawati 1,080, kunatsala amodzi okha akuzungulira. Popeza mapampu a madzi amayendanso ndi magetsi, mipopi nayo inayamba kuuma.

Opita ku ofesi ankadandaula, koma ofesi zambiri zili ndi jenereta, ndipo ikakwana 17 koloko munthu amatseka chitseko n'kumapita. Amene anaona zakuda ndi aja ntchito yawo ili m'nyumba momwe amagonamo. Mmodzi mwa iwo ndi mayi wina wosoka, amene ndingowatchula monga ankawaitanira anansi awo, Amake Mapasa.

Kwawo ndi ku Katete. Ankachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ina yakale ya khonsolo, mwa zija boma la Frederick Chiluba linagulitsa kwa okhalamo mu 1996, eni ake n'kumanga tinyumba ta lendi kumbuyo mpaka bwalo lonse kutha. Amuna awo ndi dalaivala, amachoka m'bandakucha n'kubwera kutada. Kale Amake Mapasa anali ndi kamalo kawo pafupi ndi msika wa Chilenje, koma Covid-19 itafika mu Malichi 2020, maukwati ndi maphwando n'kuchepa, anaona kuti akulipira lendi yopanda pake. Ananyamula makina awo awiri, osokera ndi a ovaloko, n'kuwaika pabalaza. Masamu ake anali omveka. Lendi ya shopu palibe, chakudya chogula masana palibe, ana uli nawo pafupi, nyemba zikupsa iwe ukusoka. Ndani akanatsutsa?

Chimene masamuwo sanawerengere n'chakuti munthu amene ali pakhomo amaoneka ngati alibe chochita.

"Ba neba, kiyi ndasiya pansi pa mwala, mwana akaweruka mumutsegulire."

"Amake Mapasa, poti inu muli pompano, zovala zanga zili pachingwe. Kukachita fumbi mundianulire."

Ndiye amuna awo pa foni: "Amake Mapasa, amalume akwera basi ya ku Chipata, 14 koloko akhala ali pa Intercity. Mukawachingamire, ine ndili ku ntchito."

Kukagwa maliro mumzere wawo, iwo ndiwo anali oyamba kuitanidwa kukasonkha moto ndi kutsuka mapoto, chifukwa anzawo a ku ofesi adzabwera madzulo. Maliro sakanidwa, ndipo sindikunena kuti azikanidwa. Koma wobwera madzulo uja malipiro ake a pamwezi sanachepe ngakhale ngwee imodzi, pamene telala wataya tsiku lathunthu, diresi la kasitomala lili chigonere pa tebulo.

Kusoka kumafuna mutu wonse, makamaka podula. Chitenge chimakhala ndi maluwa oyang'ana mbali imodzi, ndipo ukapinda molakwika a kutsogolo amayang'ana kumwamba, a kumbuyo pansi. Umayeza, umalemba ndi choko, umasiya malo a msoko, manambala anayi kapena asanu uli nawo m'mutu: chifuwa, chiuno, mahipi, kutalika kwa dzanja. Ndiye wina agogode kudzapempha machesi. Pobwerera pa tebulo manambala aja abalalika, uyambirenso. Tsiku lina Amake Mapasa anadula manja awiri a kumanzere okhaokha, chifukwa pakati pa dzanja loyamba ndi lachiwiri anakatereka madzi a nsima. Podutsa sizasi sipabwezeka. Nsalu ina anakagula ndi ndalama ya m'thumba mwawo.

Mu 2018 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linapeza kuti pa ntchito zonse zosalipidwa za pakhomo ndi zosamalira anthu, magawo atatu mwa anayi amagwira ndi akazi, pafupifupi maola anayi ndi theka pa tsiku, pamene amuna sakwanitsa ola limodzi ndi theka. Maola amenewo sachoka chifukwa choti mayi watsegula bizinesi pabalaza. Ntchito yatsopanoyo imangokwera pamwamba pa yakale.

Chilenje ili ndi chitsanzo chake chotchuka cha munthu wogwirira ntchito kunyumba. M'nyumba nambala 394, imene lero ndi chikumbutso cha dziko, ndimo Kenneth Kaunda anakhala kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962, akutsogolera chipani cha UNIP pomenyera ufulu. Kanyumba kakang'ono ndithu, koma munkachitika misonkhano, munkalembedwa makalata, alendo osatha phazi. Ana a sukulu akapita kukaona amawaonetsa Land Rover ili pabwalo. Ine ndikamadutsa pamenepo ndimaganiza za mkazi wake, Betty Kaunda. Alendo onse aja ankadya nsima yophika wina, ana ankasambitsidwa ndi wina. Bambo anatha kugwira ntchito yaikulu ali pakhomo chifukwa ntchito ya pakhomopo inali pamutu pa munthu wina. Amake Mapasa anali Kaunda ndi Betty yemwe m'thupi limodzi.

Ngakhale zinali choncho, mpaka 2023 zinthu zinkayendako. Chaka chotsatira chinayamba ndi kolera. Odwala anadzaza ku National Heroes Stadium, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Mapasa anatha milungu ina isanu ali m'miyendo mwa amayi awo, mayunifolomu osokedwa kale ali mulu pakona, makolo osabwera kudzawatenga. Atangoti apumeko, magetsi anayamba kuthima.

Oda yaikulu inabwera kumapeto kwa Sepitembala. Inali ya kitchen party, phwando lija amayi amatsazikira mkwatibwi ndi ziwiya ndi malangizo. Amayi a komiti amavala chitenge chofanana, ndipo awa analipo khumi ndi awiri, aliyense ndi sitayelo yake imene anaiona pa Facebook. Nsalu anagula okha ku Kamwala, mayadi asanu ndi limodzi munthu aliyense. Ba matron, mayi wamkulu woyendetsa mwambowo, anabwera nazo okha m'chikwama chachikulu, natumiza theka la malipiro pa Airtel Money. Phwando linali Loweruka, patadutsa milungu itatu.

Telala wochenjera akanatenga madiresi asanu ndi limodzi, enawo n'kupatsako mnzake. Koma thumba la ufa la makilogalamu 25 linali litapitirira K300, malasha akukwera sabata ndi sabata chifukwa Lusaka yense anabwerera ku mbaula. Amake Mapasa anatenga onse. Ndalama ya dipoziti inalowa mu foni yomweyo imene amagulira ndiwo, mayunitsi ndi mabandulo, ndipo pasanathe masiku khumi inali itasungunuka osadziwa kuti yapita kuti. Apa K40 ya kapenta, apo K25 ya chopereka cha maliro, apo amalume akufuna ya basi yobwererera.

Anakonza dongosolo, ndipo linali lanzeru. Masana agwire zosafuna magetsi: kuyeza, kudula, kupinda mipendero ndi singano ya pamanja, kusokerera mabatani. Usiku malaiti akabwera apite pa makina. Koma masana aja anali kale ndi eni ake. Choncho kudula nako kunasamukira usiku, ndipo usikuwo unali utadzaza kale. M'maola atatu omwewo munayenera kulowa kusoka, ovaloko, kusita madiresi, kusita mayunifolomu a mapasa ndi mashati a bambo, kuphika nyemba pa sitovu kuti malasha asungike, kutchaja mafoni ndi tochi, ndiponso kudzaza diramu ndi zigubu mpopi ukayamba kutsokomola. Amuna awo ankadzuka babu likayaka, kulumikiza foni yawo, n'kubwerera pabedi. Iwo mawa ali ndi chiwongolero, ndipo dalaivala wosagona ndi ngozi. Zimenezo n'zoona. Kungoti panalibe anafunsa ngati telala wosagona si ngozi.

Anthu ankawatama. Izi zimandinyansa kwambiri pa nkhani yonseyi. Ku chigwirizano cha ku tchalitchi amayi ankalozerana: onani mkazi wolimba, usiku akusoka, masana ali pamaliro, ana ake oyera mbee. Iwonso anayamba kunyadira, n'kumauza makasitomala kuti iwo tulo ta maola awiri tiwakwana. Ndi agogo amodzi okha a nyumba yoyandikana nayo amene anapukusa mutu atawaona akuwodzera pa mpopi, chigubu chikusefukira. "Mwana wanga, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Siyako china." Anaseka, nati, "Agogo, ndisiye chiti?" Agogo aja analibe yankho, pakuti pa zonsezo panalibe chokoma, zonse zinali zofunika.

Thupi silimva zoyamikira. Ofufuza awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 osagona amachedwa ndi kuphonya mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi wa 0.10, woledzera woti sangaloledwe kugwira chiwongolero. Choipa chake n'chakuti wosagona, monganso woledzera, amadziona ngati ali bwinobwino. Amake Mapasa sanalawepo mowa chibadwire, koma sabata yachitatu ija ankayenda pakati pa simbi yamoto, sitovu, madzi ndi mawaya ali ngati munthu wochokera ku bala.

Zizindikiro zinalipo. Nyemba zinapserera kawiri mpaka poto kuboola. Singano ya makina inawalowa pachikhadabo. Usiku wina paipi inapulumuka m'diramu, madzi n'kuyenda pansi mpaka kufika pa adapta imene panalumikizidwa makina onse awiri. Anaikweza pa mpando, nakolopa, napitiriza kusoka. Chilichonse mwa izi ankachiona ngati tsoka la tsiku limenelo basi.

Za simbi ndinene pang'ono, chifukwa ndi pamene panagona nkhani. Simbi ya magetsi ili ndi kachipangizo m'kati kamene kamadula moto ikatentha mokwanira, n'kuyatsanso ikazizira. Ndiko kamalira kuti "thi" nthawi ndi nthawi. Ya Amake Mapasa kachipangizoko kanafa kalekale, ndipo wokonza wina wa kumsika, posowa kena, anangolumikiza mawaya mwachindunji. Inkatentha bwino zedi, yoyenera chitenge chatsopano cholimba, koma siinkadzizimitsa. Ikapsa kwambiri ankaizula pa soketi, ikazizira n'kuilumikizanso. Mwini wake atagona mokwanira, njira imeneyi inayenda zaka ziwiri popanda vuto.

Usiku wa Lachitatu kulowa Lachinayi malaiti anabwera itangopitirira 24 koloko. Madiresi khumi ndi limodzi anali atatha, kutatsala la ba matron lokha, limene linkafuna zipi yaitali ndi layiningi. Anayala thaulo pa tebulo n'kuyamba kusita limodzilimodzi, akupinda ndi kusanjika pambali. Cha m'ma 03 mpopi wa panja unatsokomola. Madzi anali atatha masiku awiri osabwera, ndipo pabwalo limenelo pali mabanja anayi, wochedwa amapeza mzere. Anasiya simbi chogona pa thaulo, poti abwera pompano, n'kuthamanga ndi paipi. Ali panja, magetsi anathima.

Anadzaza diramu mumdima, nalowa ndi tochi ya foni. Simbi inali itayamba kale kuzizira. M'mutu mwawo simbi yozizira inali simbi yozima. Anakankhira madiresi pakati pa tebulo kuti mapasa asawakhudze m'mawa, ena n'kutsamira simbi ija, nakhala pa mpando kuti apumeko pang'ono. Anadzidzimuka 06 itakwana, khosi litauma.

Zotsatira zake zinali za masiku onse. Phala pa mbaula, kusambitsa ana, kusaka sokosi imodzi yosowa, kuwaperekeza ku sukulu. Pobwera mwana wa eni nyumba anali atatentha thupi, amake ali ku ntchito, ndiye anamuthamangitsira kaye kwa azakhali ake ku Libala. Atatero anakhoma geti ya chitsulo ya pakhomo ndi loko, nakwera minibasi kupita ku Kamwala kukagula zipi. Pa soketi sanayang'anepo. Anayang'ana mbaula, chifukwa mbaula imaoneka kuti ili ndi moto.

Tsiku limenelo magetsi anabwera cha m'ma 10 m'mawa. M'miyezi imeneyo aliyense ankadziwa kuti atha kubwera nthawi iliyonse, ndipo malangizo ankaperekedwa kawirikawiri akuti magetsi akathima zimitsani zipangizo zonse pa khoma. Amake Mapasa ankawadziwa malangizowo. Iwo omwe ankakalipira mapasa akasiya TV yoyatsa.

Okutobala wa ku Lusaka ndi wotentha, mawindo amakhala otsegula, ndipo n'zimene zinapulumutsa nyumbayo. Mnyamata wometa wa pa poloti yoyandikana, amene anali atangoyatsa makina ake mokondwa, anamva fungo ngati la pulasitiki yopsa. Anasuzumira pa mpanda n'kuona utsi wakuda ukutuluka pakati pa zitsulo za pawindo. Anachita chinthu chimene ambiri amaiwala pa phuma: anathamangira kaye pa bokosi la mita n'kugwetsa switchi yaikulu, asanalole aliyense kuthira madzi. Loko anaphwanya ndi nyundo ya wowotcherera. Madzi a m'diramu aja ndiwo anazimitsira.

Madiresi asanu ndi awiri anapsa. Zitenge zambiri za masiku ano zili ndi ulusi wa pulasitiki, ndiye sizipsa n'kukhala phulusa, zimasungunuka n'kumatana. Anayi otsalawo ananyowa n'kuda ndi utsi, fungo lake losachoka ndi sopo. Tebulo linaboola pakati, katani inatha, siling'i inada bii, chivundikiro cha ovaloko chinakwinyika. Munthu sanavulale. Mapasa anali m'kalasi. Amake Mapasa anamva nkhaniyi pa foni ali mu shopu ku Kamwala, zipi ili m'manja.

Ba matron anafika madzulo omwewo ndi amayi awiri a komiti. Anakhala pa mipando panja, poti m'nyumba munali mosalowereka. Amake Mapasa anagwada, nayamba kufotokoza za malaiti, za madzi, za mwana wodwala.

"Amai, dzukani," anatero ba matron. "Malaiti akuvuta tonse. Ifenso kwathu tikutunga madzi usiku. Ife tabwera kudzamva kuti Loweruka tivala chiyani."

Analibe nkhanza mayi aja, ndipo sananame. Lachisanu m'mawa anazungulira limodzi mashopu a ku Kamwala kufuna chitenge cha maluwa omwewo, koma chinali chitatha. Mtundu wa chitenge ukatha watha, kumabwera wina. Ngakhale chikanapezeka, madiresi khumi ndi awiri sasokeka tsiku limodzi. Komiti inapita ku phwando aliyense atavala chake, ndipo pa zithunzi zimene zinayenda pa WhatsApp aliyense ankafunsa chifukwa chake. Yankho linkabwera ndi dzina la telala. Ntchito ya telala imayenda ndi pakamwa pa anthu, ndipo pakamwa pomwepo ndi pamene imafera. Maoda awiri a Disembala anabwezedwa sabata yomweyo.

Tsopano ngongole. Nsalu za anthu khumi ndi awiri, dipoziti imene inadyedwa kale, siling'i ya eni nyumba. Eni nyumbawo, amene mwana wawo anaperekezedwa ku Libala m'mawa womwe uja, ananena kuti bizinesi pabwalo pawo ayi, afuna kuwawotchera nyumba. Ndalama ya chilimba, kusonkherana kuja kosinthana, imene Amake Mapasa ankayembekeza kugulira batire ndi inveta inapita yonse kwa komiti, osakwana. Amuna awo anakatenga kaloba kwa munthu wina wa ku ntchito, yobweza ndi theka pamwamba mwezi ukatha. Ovaloko anagulitsa motchipa chifukwa cha chivundikiro chopsa chija.

Usiku wa tsiku la motowo bambo anafunsa funso limene aliyense akanafunsa. "Koma Amake Mapasa, munkaganiza chiyani? Simbi mpaka kuisiya pamoto?"

Akuti mayi aja sanalire ndipo sanakweze mawu. Anangoti, "Atate ake Mapasa, shati mwavalayo ndasita 01 koloko. Madzi mwasambawo ndatunga 03 koloko. Mundiuze inuyo nthawi imene ndikanaganiza."

Nkhani inakula mpaka kuitana ankhoswe. Azakhali a bamboyo, mayi wopuma pa ntchito ya uphunzitsi amene amakhala ku Kabwata, anamvetsera mbali zonse, kenaka anapempha pepala. Anati awerengere limodzi zimene zimachitika pakhomopo kuyambira m'mawa mpaka m'mawa winawo, ndi dzina la wochita pambali pake. Pepala linadzaza mbali imodzi ndi dzina limodzi. "Mwana wanga," anatero kwa bamboyo, "iwe ukagwira usiku, ku ntchito amakupatsa tsiku lopuma. Uyu amamupatsa ndani?" Kenaka anatembenukira kwa mkaziyo, ndipo sanamunyengerere. "Nawenso, mpongozi, pakamwa unapatsidwa. Anthu sangadziwe kuti uli pa ntchito ngati aliyense wogogoda umamutsegulira ukumwetulira. Ndipo ndalama ya kasitomala si yako kufikira diresi litatuluka pakhomo."

Inu amene mukuwerenga mwina simusoka. Mwina mumaphika masikono ndi vitumbuwa, mumaluka tsitsi pakhonde, mumagulitsa salaula pa WhatsApp, kapena bwana anakulolani kugwira ntchito ya ofesi pa laputopu kunyumba. Mudzamva malangizo ambiri a mmene mungachitire zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo ena ndi abwino. Zovala zitha kunyowa m'beseni inu mukudula nsalu, palibe chimene chingapse. Nyemba zovikidwa usiku zimapsa msanga mawa. Koma chilichonse chimene chili ndi moto, madzi oyenda kapena mwana wamng'ono chimafuna maso, ndipo maso amayang'ana kumodzi. Zimene timatcha kuchita zambiri pakamodzi kwenikweni ndi kudumphadumpha, ndipo pa kudumpha kulikonse pamagwa kanthu. Masiku ambiri kamene kamagwa ndi kakang'ono, mchere wa m'ndiwo kapena nambala ya chiuno, n'chifukwa chake timazolowera.

Ndimakana ndithu maganizo akuti nkhani ngati iyi imatha ndi kudziletsa kwa munthu mmodzi, kuti akadzuka msanga ndi kulemba ndandanda zonse ziyenda. Amake Mapasa ankadzuka msanga kuposa Chilenje yense, ndipo ndandanda anali nayo. Imene analibe ndi nthawi yoti anthu ena aivomereze kuti ndi yawo. Nthawi yotero siipezeka mwa kuba ku tulo. Imapezeka mwa kukhala pansi ndi amuna anu, alamu anu, anansi anu, n'kugwirizana kuti kuyambira ola lakuti mpaka lakuti mulibe pakhomo ngakhale akukuonani, ndi kuti mpopi ukatsokomola usiku pali wina wodzuka. Ena adzakwiya. Adzati mwayamba kunyada. Kukwiya kwawo n'kotchipa kuyerekeza ndi nsalu za anthu khumi ndi awiri.

Mu Januwale 2025 Amake Mapasa anabwerera kumsika. Anagwirizana ndi telala wina wachikulire kugawana khonde la shopu ndi lendi yake, ndipo achimwene awo anawatumizira pa basi makina akale opalasa ndi phazi amene anatsala ku Katete amayi awo atamwalira. Ndi ochedwerapo, ndipo msana umawawa madzulo, koma safunsa za malaiti. Amafika 08, amatseka 16. Kusita amasita ndi simbi ya malasha, panja, pamalo oonekera. Dipoziti imalowa mu nambala ina imene foni yake imakhala m'kabati. Madzi a usiku amatunga bambo masiku amene sakuyenda ulendo wautali, monyinyirika, ndipo kawiri konse aiwalapo kutseka diramu.

Makasitomala akubwerera pang'onopang'ono, makamaka a mayunifolomu ndi ochepetsa zovala za salaula. A kitchen party sanabwerebe. Kaloba inatha, koma kwa amayi atatu a komiti kudakali ngongole imene akubweza mwezi ndi mwezi. Anansi nawo ali ndi dandaulo lawo. Tsiku lina neba wa kiyi uja anawapeza pakhonde la shopu, nawauza kuti masiku ano pabwalo pavuta, munthu sungasiye ngakhale zovala pachingwe, poti palibenso wokhala pakhomo.